ULA, MABUKU NDI MTENGO WA UFA

Nkhani ino iri ya funso limodzi limene limveka masiku onse m'makomboni a mu Lusaka, ku Kanyama, ku Matero, ku Chawama, ku Kalingalinga, ku Mtendere ndi kwa George. Funso lace ndi ili: kodi ufa udzakhala pa mtengo wanji mwezi wa mawa? Munthu wa kumudzi ayang'ana munda wace, nadziwa ngati nkhokwe idzadzala. Koma wa m'komboni alibe munda ndiponso alibe nkhokwe. Iye adya cimene anthu ena analima kutali, ndipo acipeza ndi ndalama zokha. Cifukwa cace mvula imene igwa kapena kukana kugwa ku Chipata, ku Mkushi ndi ku Choma imfika iye patapita miyezi, itasanduka nambala yolembedwa pa thumba la ufa.

Amene ali ndi ndalama zokwanira agula thumba la makilogalamu 25. Ambiri sangathe, ndipo agula timapaketi tating'ono timene anthu a mu Lusaka amati pamela, tokwanira nsima ya tsiku limodzi. Wogulitsa pa kantemba ayenera kupezapo phindu lace pa kapaketi kali konse, motero wosauka amene agula pang'ono pang'ono alipira zambiri pa ufa womwewo koposa mnzace wogula thumba. Ciri cimodzimodzi ndi mafuta ophikira a m'kabotolo ndi makala a m'kapulasitiki, amene kunoko amachedwa malasha. Ndipo mtengo ukakwera, kawiri kawiri wogulitsa sasintha ndalama zimene aitanitsa, koma acepetsa kapaketi. Mai wa pa nyumba azindikira ici pa mphika.

Anthu a ku Zambia adziwa kuti mtengo wa ufa si cinthu cosewera naco. Mu December 1986 kunabuka cipolowe ku Copperbelt pamene Boma linakweza mtengo wa ufa woyera, ndipo Boma linabwerera m'mbuyo. Mu June 1990 mtengo unakwezedwanso, ndipo m'Lusaka munafa anthu oposa 20. Pa 30 June caka comweco msilikari wina, Mwamba Luchembe, analengeza pa wailesi kuti ankhondo atenga Boma. Zace zinatha m'maora owerengeka, koma mu October 1991 Dr. Kenneth Kaunda anagonja pa masankho. Caka cotsatira, 1992, kunagwa cilala cacikuru, ndipo akulu ambiri akali kukumbukira nsima ya cimanga cacikasu cocokera kunja.

Tsono munthu amene moyo wace uli wopacikika cotere afunitsitsa kudziwa za mawa, ndipo alipo ambiri odzipereka kumuuza. Makolo anali ndi ula. Munthu akaona tsoka anali kupita kwa woombeza, amene anali kufunsa ula wace nanena cocititsa. Mwambo umenewu sunathe m'tauni. Pa mitengo ya magetsi ndi pa makoma a misika pali mapepala a asing'anga olonjeza kubweza cuma cotayika, kupezetsa nchito ndi kukometsa malonda. Masiku ano pa mafoni pafikanso ula wa Azungu, ndiwo makhadi a tarot, amene woombeza atembenuza limodzi limodzi nawerenga zithunzi zace.

Mbiri ya makhadi amenewa iri yoseketsa pang'ono. Alipo 78, ndipo anayamba ku Italy, m'mizinda monga Milan ndi Ferrara, m'zaka za m'ma 1440. Pa nthawi imeneyo anali a masewera cabe, monga njuga imene anyamata amenya pa mthunzi. Panapita zaka zoposa 300 anthu asanawayese oombezera. Mu 1781 Mfalansa wina, Antoine Court de Gébelin, analemba kuti zithunzi zace zisunga nzeru zobisika za ansembe a ku Egypt. Analibe umboni, ndipo pa nthawiyo panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kuwerenga malemba akale a Aigupto. Koma anthu anakonda nthanoyo, ndipo makhadi a masewera anakhala ula kufikira lero.

Nkosayenera kuseka munthu wopita kwa woombeza, pakuti apita ndi mtima wolemera, ndipo apeza wina amene akhala naye pansi namvetsera, cinthu cimene sacipeza m'maofesi ambiri. Koma bvuto la ula, wa makolo ndi wa makhadi womwe, ndi lakuti uyankha funso la "ndani". Malonda akagwa, ula uloza mnansi wa nsanje kapena mbale wa kumudzi. Ndico cifukwa cace lamulo la za ufiti, limene linaikidwa mu 1914 ndipo likali m'mabuku a malamulo a Zambia, liletsa kuchula munthu kuti ndi mfiti. Koma ufa ukakwera, ukwera kwa onse, kwa wansanje ndi wocitiridwa nsanje yemwe, ndipo cocititsa cace sicikhala pa nyumba yoyandikana.

Caka ca 2024 cinaonetsa bwino kumene cocititsa cimenaci cicokera. Kutali ku nyanja yaikuru ya Pacific, kufupi ndi gombe la Peru, madzi amafunda koposa masiku onse kamodzi pa zaka ziwiri kufikira zisanu ndi ziwiri. Asodzi a kumeneko anacula nyengo imeneyi El Niño, ndiko kunena mwana wamwamuna, cifukwa anali kuiona pafupi ndi Khirisimasi. Madzi akafunda cotero, mphepo za dziko lonse zisintha njira zace, ndipo maiko a kumwera kwa Afirika kawiri kawiri asowa mvula. Zinatero mu 1992, zinateronso mu 2016. Mu July 2023 bungwe la za nyengo la United Nations linalengeza kuti El Niño wayamba, ndipo akatswiri a za nyengo a maiko a SADC, pamodzi ndi a Zambia Meteorological Department, anacenjeza mvula isanayambe kuti m'zigawo zambiri ingathe kucepa. Mau amenewa anasindikizidwa poyera, ndipo panalibe wolipira kanthu kuti awamve.

Poyamba zinaoneka ngati akatswiriwo analakwa, pakuti m'Lusaka mvula inagwa ndithu. Kanyama amangidwa pa mwala wa laimu, pamene madzi a pansi ali pafupi ndi nthaka, ndipo mvula ikacuruka zimbudzi zokumba zisefukira ndi kusakanizika ndi zitsime zosazama. Kolera, imene inayamba mu October 2023, inafalikira kwambiri, kotero kuti mu January 2024 bwalo la mpira la National Heroes Stadium linasandutsidwa cipatala, ndipo masukulu sanatsegulidwe kufikira pa 12 February. M'dziko lonse anafa anthu oposa 700. Ndipo maliro ali mkati, mvula inaleka. Inaleka pa nthawi yoipitsitsa, pamene cimanga cinali kumasula ngaiyaye, ndipo kunakhala dzuwa masabata asanu ndi kuposerapo. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko liri pa tsoka: pa mahekitala 2.2 miliyoni a cimanga cobzalidwa, pafupi 1 miliyoni anaonongeka, ndipo maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa. Dziko limene linakolola matani oposa 3 miliyoni mu 2023 linakolola ngati 1.5 miliyoni okha, ndipo Boma linapangana ndi Tanzania za kugulako cimanga.

Cilala cinalowa m'komboni pa makomo awiri. Khomo loyamba ndi ufa, umene thumba lace linapitirira K300, pamene mu 2022 silinali kufika K200. Khomo laciwiri ndi magetsi. Magetsi ambiri a Zambia acokera ku madzi, ndipo nyanja ya Kariba inaphwa kotero kuti mu September 2024 makina amodzi okha mwa asanu ndi amodzi a ku tsidya la Zambia anali kuzungulira. Nyumba zina zinakhala maora 21 pa tsiku zopanda magetsi. Wowocherera zitsulo ku Kalingalinga, wometa ku Mtendere, wogulitsa nkhuku za m'firiji ku Chawama, onsewa anakhala manja ali pa tsaya. Motero ndalama zinacepa pa nthawi yomweyo imene ufa unakwera, ndipo popeza mbaula inalowa m'malo mwa sitovu, malasha anakweranso, ndi mitengo yambiri inagwa m'thengo.

Pano pafunika kunena mosamala, pakuti ambiri anati cilala cimeneci ndico kusintha kwa nyengo. Nzoona kuti dziko lirikutentha. Utsi wa malasha a m'migodi, wa mafuta ndi wa nkhalango zotenthedwa waonjeza mpweya umene usunga kutentha m'mlengalenga, ndipo caka ca 2024 cinali cotentha koposa zaka zonse zolembedwa, ngati madigiri 1.5 pamwamba pa nyengo ya makina asanacuruke. Kutentha kotere kuumitsa nthaka msanga ndi kumwa madzi a m'madamu. Koma akatswiri a World Weather Attribution, amene anafufuza cilala cimeneci mu April 2024, anapeza kuti cocititsa cacikuru ca kusowa kwa mvula cinali El Niño. Ndiponso mvula si yokha imene iika mtengo. Ufa unali utayamba kale kukwera mu 2023, caka ca zokolola zabwino, pamene Food Reserve Agency inakweza mtengo wogulira thumba la cimanga la makilogalamu 50 kucokera pa K180 kufika pa K280, pamene maiko oyandikana anali kufuna cimanga ca Zambia, ndi pamene kwaca inali kugwa. Munthu woti zonse ndi nyengo afanana pang'ono ndi woti zonse ndi mfiti, pakuti onse awiri aleka kufunsa msanga.

Zonsezi zinalembedwa. Zambia Statistics Agency isindikiza mitengo ya zinthu mwezi uli wonse. A Jesuit Centre for Theological Reflection akhala alikuwerengera kwa zaka zoposa 30 ndalama zimene banja la mu Lusaka lifuna pa mwezi kuti lidye ndi kukhala bwino, ndipo mu 2024 ciwerengero cao ca banja la anthu asanu cinapitirira K10,000. Koma nzeru yolembedwa ifuna nyumba yokhalamo, ndiyo nyumba ya mabuku, imene ambiri amati laibulale.

Nyumba zotere m'Lusaka ziri zowerengeka. Zambia Library Service inakhazikitsidwa mu 1962, ufulu usanafike. Khonsolo ya mzinda iri ndi laibulale yace m'tauni, ndi nthambi ku Chilenje, ku Matero ndi ku Mtendere. Laibulale yaikuru koposa ndiyo ya University of Zambia, imene mwana wa ku Kalingalinga angathe kuifika ndi miyendo, koma inamangidwira ophunzira a pa univesiti. Bungwe la Lubuto, dzina lotanthauza kuunika m'Cibemba, linatsegula laibulale yace yoyamba ku Kamwala mu 2007 ndi yaciwiri ku Garden mu 2010, ndipo linatsegulira makomo ana onse, ngakhale ogona m'misewu. Nchito imeneyi njoyamikika. Koma mzinda wa anthu oposa 2 miliyoni sungakwane m'zipinda zocepa cotere. Amene adzaza mipando ndiwo ana a sukulu okonzekera mayeso, othawa phokoso la nyumba ya cipinda cimodzi, ndipo acita bwino. Amai a pa msika, amene mtengo wa ufa uwapweteka poyamba, salowamo kawiri kawiri, ndipo akalowa apeza mabuku ambiri ali m'Cingelezi, pamene cilankhulo ca m'komboni ndi Cinyanja ndi Cibemba. Woombeza alankhula cilankhulo ca wodwala wace, ndipo apezeka pa ngodya ya msika. Pa zinthu ziwiri zimenezi apambana wa mabuku.

Wina angafunse kuti, kodi kudziwa kuthandiza ciani munthu wogula pamela? Funso limeneli nlolungama. Wosauka angamve mu September kuti mvula idzacepa, koma alibe ndalama zogulira matumba asanu kuti asunge. Komabe sikuti palibe cocita. Amai ambiri a m'makomboni ali m'magulu a cilimba, m'mene asonkha ndalama napatsa mmodzi mmodzi mosinthana, ndipo gulu lodziwa kuti njala irinkudza lingathe kugula cimanga pa nthawi ya kukolola, mtengo uli pansi, ndi kugayitsa pa cigayo. Wa m'tauni wotumiza ndalama za mbeu kumudzi angathe kuuza abale ace kuti abzale yoca msanga, kapena aonjezepo mapira ndi cinangwa. Ndipo wodziwa cifukwa cimene ufa wakwera adziwanso cimene ayenera kufunsa khansala ndi phungu wace: za cimanga cosungidwa, za kugulitsa kunja, za ngalande za m'komboni. Wolosera za nyengo naye amalakwa, pakuti anena za cigawo conse, osati za munda umodzi, ndipo anena kuti "ingathe", osati "idzatero". Koma mau ace alembedwa ndi tsiku lace, ndipo mu April munthu ali yense angathe kuwayesa ndi mvula imene inagwa.

Dzinja lotsatira mvula inabwerera. Mu 2025 Zambia inakolola cimanga coposa matani 3.6 miliyoni, ndipo mtengo wa ufa unayamba kutsika. Ku Chawama ndi ku Matero timapaketi ta pamela sitinacoke pa tuntemba. Ku Kanyama, kumene madzi anamiza nyumba zambiri kale mu 1978, mvula yabwino iri ndi tanthauzo lina, ndipo mitambo ikayamba kuda mu November anthu a kumeneko aunjika matumba a mcenga pa makomo, nakweza mabedi pa njerwa.