Musakulungire mandasi timabuku takale ta makatuni

Kuno ku Lisungwi, kumunsi kwa boma la Neno, pepala silikhalitsa. Likapulumuka kwa chiswe ndi mbewa, limathera pa msika kukulungira mandasi kapena kupichirira fodya. N'chifukwa chake mabanja amene makolo awo adagwirako ntchito ku Joni kapena ku Harare angachite bwino kutsegula masutikesi akale aja, kaamba kakuti pakati pa ziphaso ndi zithunzi nthawi zina mumapezeka timabuku ta makatuni a ziphona monga Superman ndi Spider-Man, tomwe anthu akunja amatolera ndi kusunga mosamala.

Superman adaonekera koyamba m'chaka cha 1938 m'buku lotchedwa Action Comics nambala 1, lomwe linkagulidwa masenti 10 a ku America. Mwa makope pafupifupi 200,000 amene adasindikizidwa, akuti otsala lero ndi pafupifupi 100 okha, ndipo mu April 2024 limodzi lidagulidwa pa mtengo wa madola 6 miliyoni. Spider-Man adabwera mu 1962, pomwe Black Panther, mfumu ya dziko lopeka la mu Africa la Wakanda, adayamba mu 1966.

Koma musathamangire kuwerengera chuma. Poona kuti owerenga atsopano akufuna nthano zakalezo, makampani adayamba kuzisindikizanso. Marvel idayambitsa Marvel Tales mu 1964, ndipo mu 1972 idayamba kutulutsa nthano zomwezo ku Britain sabata iliyonse. Nayo DC mu 1974 idasindikizanso Action Comics yoyamba ija pansi pa dzina lakuti Famous First Edition. Bukulo lidali lalikulu kuposa lenileni, komabe akamberembere ena akhala akulichotsa chikuto chakunja n'kumanamiza anthu kuti ndi la 1938. Kope lililonse limene mungalipeze m'nyumba muno, mwayi waukulu ndi wakuti ndi losindikizidwanso, ndipo mtengo wake ndi wochepa.

Kuti mudziwe chimene muli nacho, yang'anani timalemba ting'onoting'ono m'munsi mwa tsamba loyamba. Pamenepo pamalembedwa chaka, kampani ndi mzinda umene bukulo lidasindikizidwira. Onaninso mtengo pachikuto. Ngati uli m'mapeni a ku Britain kapena m'ndalama za ku South Africa, kopelo lidakonzedwera misika ya kumeneko.

Phindu la timabuku totere si ndalama zokha. Mwana amene amaopa Chingerezi amalimba mtima akaona chithunzi chikumuthandiza kumva mawu. Timasunganso mbiri. Kuyambira 1968 mpaka 1972 kampani ya Drum inkatulutsa African Film, nthano ya zithunzi zojambula ndi kamera ya Lance Spearman, yemwe achinyamata a m'maiko ambiri a mu Africa ankamukonda. Mu 1975 ku South Africa kudabwera Mighty Man, chiphona chakuda cholimbana ndi mbava m'makomboni. Pambuyo pake zidaululika kuti ndalama zake zinkachokera ku boma la tsankho, lomwe linkafuna kuti anthu akuda azimvera malamulo ake. Kope limodzi la Mighty Man lingaphunzitse mwana wa sekondale momwe boma limagwiritsira ntchito nthano ponyengerera anthu.

Kwathu kuno tidali ndi Brian Hara, amene Pewani wake ankaseketsa owerenga Malawi News. Amene adadula makatuni amenewo n'kuwamata m'kope ali ndi chinthu chimene adzukulu sangachipeze mosavuta.

Kasungidwe kake n'kosavuta. Ikani buku lililonse m'pepala la pulasitiki louma bwino, muligoneke m'sutikesi yachitsulo, ndipo sutikesiyo ikhale pa thandala, kutali ndi khoma komanso denga lodontha. Musamate ndi selotepi pong'ambika chifukwa guluu wake amadetsa pepala. Mukatero, itanani ana awerenge m'manja muli mosamba, kenako mubwezere m'malo mwake.