Cakudya ca ku Andalusia ndi njira ya ku Beira

 Lero tikambe za cakudya ndi macezo a usiku a anthu a ku Andalusia, cigawo ca kumwera kwa dziko la Spain, ndiponso za njira imene anthu a kuno analawira zonga zimenezi osaoloka nyanja. Njirayo inayambira pa Mutare, mzinda umene unali kudziwika ndi dzina la Umtali kufikira caka ca 1982.

Mlendo wofika kumene ku Seville kapena ku Málaga amadabwa ndi zinthu zitatu. Coyamba ndi nthawi yodyera. M'miyezi ya July ndi August dzuwa limatentha kolimba, kotero kuti masitolo ambiri amatseka masana, ndipo cakudya ca madzulo amacidya pa 9 kapena 10 koloko usiku, nthawi imene ife m'midzi tagona kale. Caciwiri ndi kadyedwe. Anthu amayenda kucoka pa nyumba ina yodyeramo kunka pa ina, nadya m'timbale tating'ono timene amati tapas. M'menemo mumakhala tinsomba tokazinga tonga usipa, zipatso za azitona, kapena nyama ya nkhumba youmitsa ndi mcere. Alinso ndi msuzi wa matimati womwa uli wozizira, dzina lace gazpacho. Cacitatu ndi gule wao wa flamenco, wa gitala, kuomba m'manja ndi kuponda pansi ndi zidendene, amene anakula makamaka pakati pa mtundu wa Agitano.

Tsono zakudya zimenezi nazonso ndi zobwera. M'caka ca 711 Asilamu ocokera kumpoto kwa Afrika anaoloka pa Gibraltar, ndipo ufumu wao wotsiriza, wa Granada, unagwa m'caka ca 1492. Iwowa ndiwo anafalitsa kumeneko ulimi wa mpunga, nzimbe ndi mandimu. M'caka comweco ca 1492 Columbus ananyamuka pa doko la Palos, m'Andalusia momwemo, nakafika ku Amereka, kumene kunacokera matimati ndi tsabola. Apwitikizi ndi anansi a anthu a ku Spain. Cinenero cao ndi nyimbo zao nzosiyana, koma mafuta a azitona, adyo, nsomba ndi vinyo amadya cimodzimodzi. Zimenezi anabwera nazo ku gombe lathu pamene anamanga linga pa Sofala m'caka ca 1505.

Njanje yocokera ku Beira inafika pa Umtali m'caka ca 1898. Mtunda wace ndi mailosi monga 200, kupyola pa Machipanda, Manica, Chimoio ndi Dondo. M'zaka za 1950 ndi 1960 Azungu ambiri a ku Rhodesia anali kutsikira ku Beira pa masiku a holide. Kwao anazolowera nyama yophika ndi mbatata, ndipo mabara anali kutseka msanga. Ku Beira anapeza nkhuku yoocha ndi piri-piri, ndiye tsabola wosinja pamodzi ndi adyo ndi mandimu, ndi camarão, tizirombo ta m'nyanja ya mcere tooneka ngati dzombe lalikulu. Anamwa vinyo ndi mowa wa Manica pa matebulo a panja, pafupi ndi mcenga wa ku Macuti, nyimbo zirikulira mpaka pakati pa usiku.

Koma tifunse: anakhala pa matebulowo ndani? Munthu wakuda wa m'komboni ya Sakubva pa Umtali sanaloledwe kugula mowa wa cizungu kufikira caka ca 1957, ndipo poyenda usiku m'tauni anayenera kukhala ndi pasi. Ku Mozambique nako lamulo losiyanitsa eni dziko ndi Apwitikizi linathetsedwa m'caka ca 1961 cabe, ndipo nchito ya cibalo inathawitsa anthu ambiri. Cotero anthu athu, pamodzi ndi aja ocokera ku Nyasaland amene anadzagwira nchito pa njanje ndi m'mahotela, anadziwa cakudyaci ali kukhichini. Akuda ndiwo anali kusinja tsabola, kukoleza makala ndi kunyamula mbale. Wodyayo analipira nabwerera kwao, koma luso linatsala m'manja mwa wophika.

Ulendo wa holidewo unatha m'mwezi wa March 1976, pamene Samora Machel anatseka malire a Mozambique ndi Rhodesia. Anatsegulidwanso m'caka ca 1980, koma nkhondo ya m'Mozambique inaopsa apaulendo kufikira 1992. Nyumba yaikulu ya Grande Hotel, imene inaleka kulandira alendo m'caka ca 1963, inasanduka pokhala anthu osowa nyumba. Koma nkhuku ya piri-piri sinathe. Masiku ano mudzaipeza pa Mutare, ku Blantyre ndi ku Lusaka, yophikidwa ndi kudyedwa ndi eni dziko.

Umboni wina uli m'kamwa mwathu. Mau akuti vinyo acokera ku vinho, adyo ku alho, ndipo nsomba youma ya bakayao yatenga dzina kwa bacalhau. Mau akuti azitona, amene timawerenga m'Buku Lopatulika, ndi azeitona wa Apwitikizi. Anthu a ku Spain amati aceituna, ndipo onsewo anawatenga kwa Aluya. Cifukwa cace wina wa inu akadzafika ku Seville, nampatsa kambale ka azitona, asadzayese kuti ndi cacilendo ndithu. Dzina lace analidziwa kale ali mwana kumudzi.