Mamendulo atatu obwera ndi zibakera

Pa Mauwa pano, mnyamata aliyense angakutchulireni osewera a Flames mpaka okhala pabenchi. Koma mukatchula Tatu Chionga, Lyton Mphande kapena Solomon Kondowe, amangokuyang'anani kukamwa yasa. Zimandiwawa, chifukwa kufikira masewero a Commonwealth a ku Birmingham mu 2022, dziko la Malawi linali ndi mamendulo atatu okha pa mpikisanowu, ndipo onsewo anabwera ndi amuna atatuwa, ankhonya okhaokha.

Chionga ndiye anatsegula njira mu 1970 ku Edinburgh, m'dziko la Scotland. Mu 1986 masewerowa atabwereranso mumzinda womwewo, Mphande ndi Kondowe anatenga aliyense yake. Onse atatu ndi abulonzi. Pa nkhonya zosamenyera ndalamazi, awiri amene agonja pa ndime ya anthu anayi samenyananso kulimbirana malo achitatu. Onse amavekedwa bulonzi. Nkhonya yake ndi yaifupi, zigawo zitatu za mphindi zitatuzitatu, moti ukayamba mozizira nthawi yokonza zinthu palibe.

Alipo amene amachepsa mamendulo a 1986. Chaka chimenecho maiko 32 ananyanyala masewerowa pokwiya kuti boma la Margaret Thatcher likukana kukhaulitsa boma la tsankho la ku South Africa. Kenya, Nigeria, Uganda ndi Zambia, kwawo kwa ankhonya oopsa, sanapite, koma Malawi anapita. Kunena zoona, mpikisano unapepukadi. Koma amene anasankha kuti timu ipite si Mphande kapena Kondowe. Iwo anakwera m'bwalo momwe munali anyamata a ku Canada, England ndi Australia, okonzekera ndi zipangizo zonse, ndipo chibakera chofikira pachibwano sichifunsa kuti wanyanyala ndani. Mphande anakafikanso ku Olimpiki ya ku Seoul mu 1988, monga anachitira Chionga ku Munich mu 1972.

Pa Mauwa pano, mwana wa achimwene anga anamangirira thumba la feteleza lodzaza mchenga pa nthambi ya mango kuseri kwa nyumba. Amalimenya m'mamawa asanapite kudimba, manja atakulunga ndi zidutswa za chitenje, pakuti magolovesi sanawagwirepo. Mkono wamanzere ali nawo wachangu, koma akaponya wamanja amasiya chibwano pamtunda, ndipo womuuza kuti atseke palibe. Blantyre sikutali ndi kuno ku Chiradzulu. Ndikupempha oyendetsa nkhonya kuti atumize mphunzitsi mmodzi, ngakhale kamodzi pamwezi, adzaone anyamata a kumidzi kuno.