Mwana akafuna kuyendetsa lole

Alimi anzanga, fodya akagulitsidwa anyamata ambiri amapempha makolo ndalama zoti akaphunzire kuyendetsa lole. Musanapereke ndalamazo, pitani nokha kusukuluko mukaone ngati kuli lole yeniyeni. Sukulu zina zili ndi kagalimoto kakang'ono kokha, chonsecho laisensi ya B siloleza munthu kuyendetsa lole. Lole yaikulu imafuna C, yokoka ngolo imafuna EC. Funsaninso kuti mwanayo adzagwira chiwongolero maola angati, chifukwa kuloweza zikwangwani za pamsewu n'kosavuta. Chovuta ndi kubwerera chambuyo uli ndi ngolo.

Kunena za kampani, ine ndimati mnyamata ayambe ndi yonyamula fodya kupita ku okushoni ku Kanengo kapena ku Limbe, atakhala pambali pa dalaivala wakale. Zokatenga feteleza ku Beira kudzera pa Mwanza ndi Tete zibwere pambuyo. Paulendo umenewo munthu amatha kugona masiku angapo pachipata, choncho asanasaine afunse: ndalama ya chakudya panjira apereka ndani? Nanga matumba akasowa kapena tayala likaphulika, adzamudula malipiro? Zimene ayankhezo zilembedwe papepala, bwana asainenso.