Madokotala a Pathology: Sitiwaona, Koma Yankho Lili kwa Iwo

Achinyamata anzathu, tikamva za chipatala timaganiza za anamwino ndi madokotala oyendera odwala m'mawodi. Koma kodi mukudziwa kuti alipo madokotala ena amene odwala ambiri sawaona n'komwe, chonsecho chithandizo chimadikira yankho lawo? Awa ndi madokotala a pathology. Amapezeka m'zipatala zikuluzikulu zophunzitsiramo madokotala, monga Queen Elizabeth ku Blantyre, kuja timati ku Gulupu, ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene labotale ya pathology inatsegulidwa mu 2011.

Amachita chiyani?

Tiyerekeze kuti mnzathu amene ali ndi kachirombo ka HIV watupa mwanabere m'khosi ndipo sakuphwa. Chotupacho chitha kukhala TB, khansa ya lymphoma kapena khansa ya Kaposi. Matenda atatuwa ali ndi mankhwala osiyana, koma kungokhudza ndi dzanja sikokwanira kuwasiyanitsa. Choncho achipatala amabaya jekeseni yochititsa dzanzi n'kudula kanyama kakang'ono, kamene amakatumiza ku labotale. Kumeneko amakaumitsa m'phula, kukacheka mopyapyala kuposa pepala, kukaika pa galasi n'kukathira utoto. Kenaka dokotala wa pathology amakaunika pa makina okulitsa zinthu zosaoneka ndi maso, n'kulemba dzina la matendawo. Popanda yankho limeneli, munthu wa khansa angathe kumwa mankhwala a TB kwa miyezi, uku khansayo ikufalikira.

Ntchito yawo sithera pomwepo. Amaunika zotengedwa pa khomo la chiberekero pofufuza khansa. Bungwe la WHO likunena kuti chiopsezo cha khansa imeneyi n'chachikulu kasanu ndi kamodzi kwa amayi amene ali ndi HIV poyerekeza ndi amene alibe. Amaunikanso magazi ndi mafuta a m'mafupa. Amaphunzitsa ophunzira a udokotala a ku KUHeS. Amapimanso mitembo kuti chimene chapha munthu chidziwike.

Kodi kupima mtembo kumathandiza ndani?

Kumathandiza ife amoyo. Kafukufuku amene anachitika ku Gulupu, n'kusindikizidwa mu 2004, anapima ana 31 amene ankaganiziridwa kuti anamwalira ndi malungo a mu ubongo. Ana 7 anapezeka kuti anamwalira ndi matenda ena. Izi zinathandiza madokotala kuyamba kuunika m'maso mwa mwana wokomoka kuti atsimikize ngati alidi malungo.

Kafukufuku wotere wathandizanso pa nkhani ya Edzi. Mu 1994, mumzinda wa New York ku America, Yuan Chang, mayi amene ndi dokotala wa pathology, pamodzi ndi Patrick Moore, anapeza kachirombo koyambitsa khansa ya Kaposi poyeza chotupa cha wodwala Edzi. Lero tikudziwa kuti khansayi imabuka chitetezo cha m'thupi chikatsika, n'chifukwa chake ma ARV ndi gawo lalikulu la chithandizo chake.

Nanga ife tichitepo chiyani?

Choyamba, tisachedwe. Chotupa chosaphwa, mawanga akuda kapena ofiirira pa khungu ndi m'kamwa, kapena bala losapola, tipite nazo ku chipatala msanga.

Chachiwiri, tisaope. M'midzi ndi m'matauni mwathu mumamveka mphekesera zoti achipatala amadula ziwalo kuti akagulitse, kapena kuti khansa ikakhudzidwa ndi mpeni ndiye kuti basi. Si zoona. Kanyamako kamapita kokapimidwa, ndipo sangakadule popanda chilolezo chathu. Tili ndi ufulu wofunsa mafunso tisanavomere.

Chachitatu, tibwerere kukamva zotsatira. Zimatenga masiku, nthawi zina masabata, koma yankho longokhala m'failo silichiza munthu.

Pa msonkhano wa kalabu yanu kambiranani izi: mnzanu wauzidwa kuti akadulidwe kanyama, koma makolo akukana. Mungawauze chiyani?