Chilembo cha Ulemu m'Sukulu za ku Amereka

Kodi mudaonapo majekete a ku Amereka okhala ndi chilembo chachikulu pachifuwa? Ena timangowagula pa kaunjika, osadziwa tanthauzo lake.

M'sukulu zambiri za sekondale kumeneko masewera alionse ali ndi matimu awiri. Timu yaikulu, yoimira sukulu yonse, aitcha varsity, ndipo ya ophunzira kumene aitcha junior varsity. Chaka ndi chaka mphunzitsi wa masewera ayesa anyamata ndi atsikana, nasankha okhoza okhaokha.

Komatu kulowa mu varsity sikokwanira. Wofuna chilembo ayenera kufika pokonzekera masiku onse, kusewera mipikisano yokwana chiwerengero chimene sukulu inaika, ndiponso kusagwa m'kalasi. Nyengo ya masewera itatha, alandira chilembo chansalu, choyamba cha dzina la sukulu yake, nachisokera pa jekete. Akachitanso bwino chaka chinacho, kawirikawiri angomuonjezera kachitsulo kobaya pachilembopo.

Mwambowu unayamba mu 1865, pamene osewera baseball a pa Harvard anasokera H pa malaya awo. Tsono anzanga, mukavala jekete lotere, kumbukirani kuti kwawoko chilembocho achilandira ndi thukuta.