Kusankha Galimoto ya Mayi Wapanyumba

M'mawa uliwonse, dzuwa lisanaonekere pamwamba pa phiri la Bangwe, masiteji a ku Machinjiri, Chirimba, Chilobwe ndi Chigumula amakhala atadzaza kale ndi anthu odikira minibasi. Pakati pa anthuwo sipalephera kupezeka mphunzitsi wamkazi amene wanyamula mulu wa makope ochonga usiku, mwana wa sukulu yamkaka ali kudzanja. Ikakhala nyengo ya dzinja, mayiyo amafika kusukulu nsapato zili matope okhaokha, belu litalira kale. Mwamuna amene waona zimenezi kwa zaka zingapo amafika poganiza kuti nthawi yakwana yoti mkazi wake akhale ndi galimoto. Maganizo otere ndi abwino, koma mabanja ambiri adalowa m'ngongole ndi m'mikangano chifukwa chogula galimoto yosayenera ntchito imene adaigulira.

M'zaka za m'ma 1970 banja lokhala ndi galimoto mumzinda wa Blantyre linkadziwika dera lonse, ndipo Peugeot 404 kapena 504 yaitali kumbuyo inali chizindikiro cha munthu wopeza bwino. Lero misewu ya Kabula ndi Limbe yadzaza ndi galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito zochokera ku Japan. Chifukwa chake n'chakuti ku Japan, monganso kuno, galimoto zimayenda kumanzere kwa msewu ndipo chiwongolero chimakhala kumanja. Komanso lamulo la kumeneko limafuna kuti galimoto ya munthu wamba ipimidwe ikatha zaka 3, kenaka zaka 2 zilizonse, ndipo kupimitsako kumadya ndalama zambiri. Eni ake ambiri amaona kuti n'kwabwino kuigulitsa isanakalambe. Chotero mphunzitsi, namwino kapena kalaliki angathe kupeza galimoto imene makolo ake sakadailota, koma kuchuluka kwa mitundu yake n'kumene kumasokoneza wogula.

Funso loyamba ndi la msewu umene galimotoyo idzayendamo tsiku ndi tsiku. Msewu wa Masauko Chipembere, wolumikiza Blantyre ndi Limbe, ndi wa phula, ndipo galimoto ina iliyonse imadutsamo bwino. Chimodzimodzinso misewu yambiri ya ku Namiwawa, Nyambadwe ndi Sunnyside. Koma mzindawu udamangidwa pakati pa mapiri a Ndirande, Soche, Michiru ndi Bangwe, ndipo anthu ambiri amakhala kumene phula lidathera. Kuchokera pamsewu waukulu kukafika pakhomo pamakhala kamtunda ka miyala ndi ngalande zokumbidwa ndi madzi a mvula. Mamita 500 omalizawo ndiwo ayenera kulamula mtundu wa galimoto, chifukwa galimoto yolephera kufika pakhomo mu Januwale imagona kwa anansi, ndipo mwini wake amayendabe pansi m'matope momwemo.

Banja lofuna galimoto yonyamula ana ndi katundu pamtengo wofikirika limasankha kawirikawiri pakati pa mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi wa siteshoni wagoni, galimoto yofupika msinkhu koma yaitali kumbuyo. Yodziwika kwambiri ndi Toyota Corolla Fielder, imene idayamba kupangidwa mu 2000, ndipo zambiri zimabwera ndi injini ya malita 1.5. Mipando yakumbuyo ikapindidwa mumalowa matumba a chimanga ochokera kumudzi. Pali Toyota Probox, ya mu 2002, imene idapangidwira amalonda onyamula katundu: m'kati mwake mulibe zokongoletsa, mipando yake ndi youma, koma ndi yolimba ndipo siivuta kukonza. Palinso Nissan Wingroad ndi Honda Fit Shuttle. Toyota Sienta, ya mu 2003, ili ndi mipando 7 ndi zitseko zotsetsereka, zimene zimathandiza mayi wokweza ana pamalo opanikizika monga pamsika wa Limbe. Popeza ma Sienta ambiri amanyamula anthu pamalipiro m'dziko muno, wogula ayenera kuchenjera kuti asagule yotopa kale ndi ntchito imeneyo.

Mtundu wachiwiri ndi wa SUV yaing'ono, galimoto yotalika msinkhu. Toyota RAV4, imene idatuluka koyamba mu 1994, ndi Nissan X-Trail ya mu 2000, kawirikawiri zimakhala ndi injini ya malita 2.0 kapena kuposerapo. Toyota Rush, ya mu 2006, ndi m'bale wake Daihatsu Terios zili ndi injini ya malita 1.5, ndipo mimba yake imatalikira pansi ndi masentimita pafupifupi 20, pamene Fielder imatalikira ndi masentimita 15 kapena 16 okha. Kusiyana kwa masentimita owerengekawa kumaoneka kochepa papepala, koma pamsewu wa ku Mbayani kapena kumtunda kwa Bangwe n'kumene kumaweruza ngati galimoto idutsa mwakachetechete kapena ikhula mimba pamwala. Pali Suzuki Escudo, Subaru Forester ndi Honda Vezel, iliyonse ndi okonda ake. Wogula adziwenso kuti si SUV iliyonse imene imakoka ndi matayala onse anayi. Zambiri zimakoka ndi awiri okha, ndipo m'matope oterera zimajomba ngati galimoto ina iliyonse.

Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Msinkhu wa SUV uli ndi mtengo wake: matayala ake ndi aakulu ndiponso okwera mtengo, msonkho wake ndi wochuluka, ndipo injini yaikulu imamwa mafuta ambiri. Masamu ake ndi osavuta, mwana wa sitandade 7 angawathe. Mwachitsanzo, ngati ulendo wopita kuntchito ndi kubwerako ndi makilomita 30 patsiku, pamasiku 22 a ntchito pamwezi galimoto idzayenda makilomita 660. Imene imayenda makilomita 14 pa lita imodzi idzamwa malita 47, pamene yoyenda makilomita 9 pa lita idzamwa malita 73. Kusiyana kwake ndi malita 26 pamwezi, kutanthauza malita oposa 300 pachaka. Amene adagona pamizere ya mafuta mu 2022 ndi mu 2024 akudziwa kuti lita imodzi imadyanso nthawi ndi tulo, kuwonjezera pa ndalama. Galimoto za hybrid, zoyendera petulo ndi batire, monga Fielder imene idatuluka mu 2013, zimamwa pang'ono kwambiri, koma batire lake lalikulu likatha mphamvu kuligula kumafuna ndalama zambiri, ndipo si makaniko aliyense amene amalidziwa.

Apa mpamene pamabwera nkhani ya masipeya. Munthu wanzeru, asanasankhe galimoto, amayamba wayenda m'mashopu a masipeya ku Limbe ndi pamsika wa Ndirande kukafunsa mitengo ya zinthu zimene zimatha msanga: mabuleki, masipuling'i ndi zitsulo zina zapansi, magalasi ndi nyali. Galimoto imene masipeya ake amapezeka m'mashopu atatu kapena anayi ndi yabwino kuposa yokongola imene kachitsulo kake kamodzi kamayenera kuitanitsidwa ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam. Ndicho chifukwa chake galimoto za Toyota za injini ya malita 1.5 sizitsika mtengo msanga pozigulitsanso. Galimoto zambiri zatsopanoko zili ndi giya yodzisintha yokha ya mtundu wa CVT, imene imafuna oyilo wakewake. Kuthiramo oyilo wa giya wamba n'kuipha.

Njira zogulira ndi ziwiri. Yoyamba ndi kuitanitsa ku Japan kudzera pa intaneti, kumakampani monga Be Forward kapena SBT. Mtengo wolembedwa pachithunzi umakopa, koma ndi chiyambi chabe. Galimotoyo iyenera kukwera sitima yapamadzi kufika padoko la Dar es Salaam, kapena Beira kapena Durban. Yotsikira ku Dar es Salaam imalowa m'dziko muno pachipata cha Songwe ku Karonga, n'kutsika ndi msewu wa M1 kudzera ku Mzuzu, Lilongwe ndi Zalewa, ulendo wonse wa makilomita oposa 1,500 umene umafuna dalaivala, mafuta ndi wothandiza pamapepala. Kenaka pali msonkho wa bungwe la Malawi Revenue Authority, umene umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto: ikakhala yakale kwambiri kapena ya injini yaikulu, msonkho umakwera. Wogula ayenera kufunsa ku Msonkho House kuti adziwe chimene adzalipire asanatumize ndalama, chifukwa safunsa adadya phula.

Choopsa china panjira imeneyi ndi mphamvu ya kwacha. Mu Meyi 2022 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Galimoto ya madola 3,000, imene inali K3,540,000, idadzuka ili K5,100,000 tsiku limodzi, msonkho usanawerengedwe. Amene adali atasunga ndalama zongokwanira adangoti kukamwa yasa. Woitanitsa kunja ayenera kukhala ndi ndalama yapadera yoyembekezera zotere.

Njira yachiwiri ndi kugula galimoto imene ili kale mumzinda, kwa ogulitsa galimoto kapena kwa mwini wake. Mtengo wake umakhala wokwererapo, koma ubwino wake ndi wakuti munthu amaiona ndi maso, n'kuiyesa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: utoto wonyezimira umabisa zambiri. Wogula apite ndi makaniko wake, osati wa wogulitsa, ndipo apite m'mawa injini isanalizidwe, chifukwa injini yodwala imadziulula ikamadzuka yozizira. Aone mtundu wa utsi, ayang'ane pansi ngati pakudontha oyilo, asuzumire kumimba ngati kuli dzimbiri kapena zowotcherera. Asakhulupirire kwambiri makilomita olembedwa kutsogolo kwa dalaivala, popeza amabwezedwa m'mbuyo. Kutha kwa chiwongolero, mipando ndi zopondera kumanena zoona. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, galimoto zina zidamira m'madzi ndi m'matope, ndipo galimoto yomira imavutitsa ndi mawaya a magetsi kwa moyo wake wonse. Fungo la chinyezi ndi dothi louma pansi pa kapeti ndi zizindikiro zokwanira kuti munthu abwerere.

Pakuyesa galimotoyo, wokhala pachiwongolero akhale amene adzaiyendetse. Amuna ambiri amalakwa pamenepa: amagula galimoto imene iwo eni amailakalaka, n'kukaiimika pakhomo ngati mphatso yodzidzimutsa. Mayi ndiye akudziwa ngati mapazi ake akufika bwino pazopondera, ngati akuona bwino kutsogolo ndi kumbuyo, ndiponso ngati angathe kuiimika pakampata kochepa mu Victoria Avenue kapena mu Haile Selassie Road masana. Ndiye amene angafunse funso lofunika kuposa onse: "Bambo, kodi imeneyi ikakwera mtunda wa kwathu uja mvula ikagwa?" Yankho lake lipezeke poiyendetsa pamtunda womwewo ndalama isanaperekedwe. Ngati mayi alibe chiphaso choyendetsera galimoto, ndalama ya sukulu yoyendetsa iwerengedwe pamodzi ndi mtengo wa galimoto. Zonsezi n'chimodzimodzi pamene mkazi ndiye akugulira mwamuna wake.

Mapepala nawo asapeputsidwe. Nambala ya chasisi ndi ya injini zifanane ndi zolembedwa m'buku la galimoto, dzina la wogulitsa likhale lomwe lili m'bukumo, ndipo pakhale umboni wakuti msonkho udalipidwa. Kusintha umwini kumachitikira ku ofesi ya Road Traffic ku Ginnery Corner, ndipo n'kwanzeru kupita wekha pakauntala m'malo modalira madobadoba. Galimoto siiloledwa pamsewu popanda chiphaso cha COF, chotsimikiza kuti ili bwino, ndi inshuwalansi, ngakhale yotsikitsitsa yoteteza anthu ena amene angavulazidwe. Inshuwalansi yotsikitsitsayo siilipira kuwonongeka kwa galimoto ya mwini wake. Wogula ndi ngongole aganizire bwino, kuopa kubweza ngongole ya galimoto imene idaphwanyika kale.

Patsala funso limene mabanja ambiri amachita nalo manyazi: galimotoyo ilembedwe m'dzina la yani? Ngati yagulidwira mayi, ilembedwe m'dzina la mayi. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa amayi ufulu wokhala ndi katundu paokha kapena pamodzi ndi ena, ndipo lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 lidaletsa kulanda katundu wa womwalira. Komabe imfa ikagwa, achibale ena amayamba kuyang'ana makiyi a galimoto maliro asanaikidwe, ndipo mayi wamasiye amene dzina lake lili m'buku la galimoto sakhala ndi mlandu wautali. Mwamuna wolemba dzina la mkazi wake wamuteteza pa tsiku limene iye sadzakhalapo kuti amulankhulire.

Mwachidule, banja lokhala pafupi ndi phula, la ndalama zochepa, lidzapindula ndi siteshoni wagoni ya malita 1.5. Lokhala kumtunda kwa miyala, kapena loyenda kawirikawiri kumudzi ku Thyolo, Chiradzulu kapena Neno, lisankhe SUV yaing'ono ya injini yochepa, ndipo livomereze mtengo wa matayala ndi mafuta. Onsewo asathere ndalama yonse pogula. Atsaze ya oyilo, matayala ndi mapepala a chaka choyamba, ndipo fizi ya ana isakhudzidwe. Mutu umodzi susenza denga: mwamuna ndi mkazi akhale pansi ndi pensulo ndi kope, alembe zolowa ndi zotuluka pamwezi, ndipo galimoto imene masamuwo aivomereza ndiyo akaione.

Gawo lotsatira lidzafotokoza za kasamalidwe ka galimoto m'nyengo ya dzinja.